Ndinapachika Chithunzi Changa Pamwamba pa cha Mtsogoleri

Tsiku limenelo m'shopu mwanga tinalimo anthu asanu: ine mwini wake, mkazi wanga NyaGondwe amene anabweretsa tiyi, mwana wanga woyamba Yotamu amene ndinkameta naye, Che Saidi a golosale yoyandikana nane, ndi a Nyirenda, tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Ndawatchula onse kuti wina asadzati mdala uyu akupeka. Zimene ndinachita pamaso pa anthu amenewa ndi zimene zinandilanditsa shopu yanga yometera, ndipo inu owerenga, makamaka amene muli ndi kabizinesi kanu, mutchere khutu.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pa lumo ndi sizasi mu Mzuzu monse munalibe wondiposa. Kafunseni akuluakulu a ku Msongwe ngati ndikunama. Aphunzitsi, makalaliki a m'boma, ngakhale abusa, onse ankadikira pabenchi langa kuseri kwa msika. Mawu anga ndi aakulu chibadwire. Ndikamacheza ndi kasitomala, wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu ankaseka nawo.

Zinthu zinatembenuka boma litaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Aliyense wokhala ndi sizasi ndi chipeso anasanduka wometa. Pansi pa mtengo wometa, pakhonde la telala wometa. Kenaka mnyamata wina dzina lake Zgambo anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi makina ometera a magetsi komanso wailesi, n'kutsegula shopu moyang'anizana ndi ine. Munthu wosadziwa ngakhale kunola lumo pa lamba! Makasitomala anga akale ankabwerabe, sindikana, koma achinyamata onse ankathamangira ku wailesi. Zinandiwawa chomene.

Ndinaganiza zoti anthu azidziwa mwini ntchito ndani. Ndinapita kwa wolemba zikwangwani kuti andijambule ndi penti pa thabwa lalikulu, nditavala tayi, sizasi ili m'manja. Anandijambula bwino, ndevu zanga zomwe. Ndinafuna kuti munthu akangoponya diso pakhomo langa ali mumsewu, akumane ndi nkhope yanga, aiwale za Zgambo.

Ana a masiku ano mwina simudziwa. Nthawi imeneyo shopu iliyonse inkayenera kukhala ndi chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko pakhoma, ndipo palibe chinthu chimene chinkaloledwa kukhala pamwamba pake, kaya wotchi, kaya kalendala. Lamuloli ndinkalidziwa, musaganize kuti ndi umbuli. M'shopu mwanga chithunzicho chinali pamwamba pa galasi, pakhoma loyang'ana kukhomo, ndipo khoma lokhalo ndi limene linkaoneka kuchokera mumsewu. Malo okwana thabwa langa anali amodzi basi, pamwamba penipeni, pafupi ndi malata.

Yotamu atakwera pa makwerero ndi hamala, anaima n'kucheuka. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma ndinamukalipira kuti akhome msomali asandichedwetse. Che Saidi anati mwina thabwalo likanakhala bwino panja pakhonde. Ndinawayankha kuti mvula ya ku Mzuzu kuno ingachotse penti mwezi usanathe, ndipo iwo azisamala za shuga ndi mchere wawo. NyaGondwe anangoyang'ana pansi n'kumathira tiyi.

A Nyirenda ndinawaitana ndekha, kuti munthu waudindo akhale woyamba kumetedwa pansi pa chithunzi changa. Anali kasitomala wanga wa zaka zambiri. Analowa, tinapatsana monire, anakhala pampando, ndinawapaka thovu la sopo m'masaya. Pometa ndevu munthu amaweramutsira mutu kumbuyo. Maso awo anakwera khoma lija, n'kuima. Ndinali nditameta tsaya limodzi pamene anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kwambiri, akunditchula mwa kwathu kuti bambo a Yotamu:

"Awiske Yotamu, tsitsani icho pompano. Ine sindinaone kanthu."

Inu owerenga, munthu uja ankandipulumutsa. Ndikanangoti yewo, zikomo wa kwathu kuno, n'kutuma Yotamu pa makwerero, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinaona ngati akundichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga ndi mwana wanga. Ndinakuwa ndi mawu anga onse aja:

"Muno ndi mwanga! Wamkulu muno ndine, palibenso wina!"

 M'shopu tinkangomva wailesi ya Zgambo kutsidya. Anthu amene ankadutsa panja anaima pang'ono, kenaka anafulumiza miyendo. A Nyirenda anapukuta thovu ndi mpango wawo, natuluka tsaya lina lili ndi ndevu.

Kwa nthawi yaitali ndinkati a Nyirenda anandipereka. Lero ndikudziwa kuti mawu anga anafika mumsewu, ndipo iwo akanabisa, wina akanawaneneza iwowo. M'mawa mwake kunabwera anyamata a chipani a malaya ofiira. Anandisenzetsa thabwa langa, kundizungulitsa msika wonse anthu akuona, kenaka analiwaza ndi nkhwangwa. Atatero anandipereka kwa amene amatsekera anthu. Kumeneko anandimeta mpala ndi lumo lobuntha, ine katswiri wa lumo, magazi akutsika m'khosi.

Nditatuluka patapita miyezi, ndinapeza mwini nyumba wapereka shopu yanga kwa wosoka nsapato. Ndinati palibe kanthu, dzanja langa sanalidule. Ndinaika mpando pansi pa mtengo kwathu ku Msongwe, kupachika kagalasi, n'kuyamba kudikira. Anthu amene ndinawameta kuyambira ali ana ankadutsa akuyang'ana kumbali. Palibe amene ankafuna kuonedwa atakhala pansi pa dzanja la munthu amene anadziika pamwamba pa Mtsogoleri. Che Saidi okha ndi amene ankabwera, koma ankapempha kuti tikametere kuseri kwa nyumba. Pakhomo tinkadyera mandasi amene NyaGondwe ankagulitsa.

Ndiye inu amene mukulimbirana makasitomala ndi anzanu, ndimvereni ine. Zgambo anangonditengera achinyamata, koma anthu anga enieni ndinawathamangitsa ndekha. Kudzionetsa si kulakwa, koma yang'anani kaye chimene chili pakhoma musanakhome msomali wanu. Ndipo munthu akakulankhulani motsitsa mawu, inunso tsitsani anu.

Chimene chinandipweteka kuposa zonse chinabwera pambuyo. Ndinamva kuti Yotamu walowa ntchito kwa Zgambo. Atafika kunyumba ndinamukalipira mpaka oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Ndinamuuza kuti wagulitsa luso la banja lathu kwa munthu wa wailesi. Iye anadikira kuti ndithe mpweya, kenaka anati:

"Adada, makasitomala anu onse ali kumeneko, ndipo amakana makina, amadikira ine. Ndikawameta amati ndili ndi dzanja lanu. Koma amanena monong'ona, adada, ndipo amayamba ayang'ana kukhomo."