Ulemu wa alamu watiluzitsa gemu

Mwaswera bwanji nonse.

Tangochoka kumene kometera tsitsi pamsika wa Katete, komwe anyamata a ku Sinda atikwapula pa gemu yowomberana ya pafoni. Timu yathu tinali ine, abambo ndi alamu a Gift, amuna a achemwali anga a Tisa.

Ndinawauza bwinobwino kuti tiziyenda limodzi, ndipo woona mdani azikuwa msanga. Koma alamu akuti mkamwini sayenda pafupi ndi apongozi. Abambo akalowera kumanja, iwo ankathawira kumanzere.

Ndiye mdani anatulukira kumbuyo kwa abambo. M'malo mokuwa kuti "kumbuyo!", alamu anaika foni pabenchi, nkuwomba m'manja mwaulemu. "Pepani bambo, ngati sindikukusokonezani, zikuoneka ngati kukubwera alendo." Asanamalize, abambo anali atagwa kale. Alamunso anawomberedwa, foni ikadali pabenchi.

Abambo akuti mkamwini wotere analeredwa bwino, asachoke m'timu. Loweruka tibwereza, ndipo abambo alonjeza kale kuti tikaluza tipereka mbuzi kwa anyamata a ku Sindawo.

Tiwatani alamuwa, abale? Amayi, yankhani ndinu poyamba, chifukwa mbuzi yake ndi yanu yamawanga ija.