Madala Ojambula Aphunzira Kunena Zoona

Madala a khomo loyang'anana ndi langa amajambula anthu ndi penti, ndipo aliyense amatuluka wokongola. Wowonda amamunenepetsa, wadazi amamumeretsa tsitsi. Ukawafunsa amati, "Kasitomala sakhala ndi makwinya, mphwanga."

Mwezi watha anapita ku maphunziro aja amati otukula ojambula. Kumeneko mphunzitsi wina wa tayi, wosadziwa n'komwe fungo la penti, anawauza kuti chithunzi cholowa m'chionetsero chizinena zoona. Madala anabwerako ali moto.

Oyamba kukhala pampando anali mayi eni nyumba zomwe tonse timachita lendi. Madala anajambula zoonazo osasiyako: khosi lopindikapindika, tindevu ta pachibwano, ndi diso lija lolondera mpopi wa madzi.

Mayiwo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Ameneyu ndani?"

"Ndinu, mayi. Ndaphunzira tsopano."

"Mwaphunzira eti? Muzikagona kusukulu komweko. Loweruka ndipeze mulibe."

Chithunzicho achipachika kuchionetsero, alendo akuchiombera m'manja. Madala akugona kwanga, pakati pa zitini zawo. Wofuna kuwaseka ayambe wabwera kwa ine, tionane! Koma ndawauza mosapsatira: ine musandijambule.