Amayi a Thovu ndi Mankhwala a M'masamba

Tsiku limene zotsatira za mayeso olowera kukoleji zinatuluka, mayi wina wa zaka 34 anapeza kuti walephera kachitatu. Anawerenga mndandanda wa pakhoma kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Dzina lake panalibe. Analibenso womudandaulira. Mwamuna anamusiya kalekale, mayi ake anali atamwalira chaka chathacho, ndipo m'chipinda chake cha lendi munali bedi ndi mpando umodzi basi.

M'mawa mwake anapita kuntchito ngati palibe chachitika.

Ntchito yake inali yotsuka mabotolo agalasi m'labu ya kampani ina yopanga mankhwala kuchokera ku zomera. Kachipinda kake kanali kumapeto kwenikweni, kopanda zenera, kokhala ndi masinki awiri. Akatswiri ankangosiya mabotolo pakhomo n'kutembenuka. Ankamutcha Amayi a Thovu, ndipo ambiri sankadziwa kuti ali ndi dzina lina. Nthawi ya nkhomaliro ankadya yekha, atakhalira ndowa yovundikira.

M'labumo zinthu sizinkayenda. Kwa chaka chathunthu akatswiri ankayesa kutulutsa mankhwala a zilonda m'masamba a mtengo wina. Ankapera masamba ouma, kuwaviika mu sipiriti, kusefa, kenako kutenthetsa kuti sipiritiyo aphwe. Zotsalazo zinayenera kupha tizilombo m'timbale toyeseramo, koma tizilomboto tinkangoswana. Eni kampani ananena kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi popanda chooneka, labu itsekedwa. Wotsuka mabotolo ndiye akanakhala woyamba kutuluka.

Koma mayiyu ankaona chimene enawo sankachiona. Mabotolo ankafika kwa iye atakakamira zakuda ngati phula, zonunkha chipserera, zofuna kukwecha ola lathunthu. Sabata ina makina otenthetsera anavuta, sankatentha kwambiri, ndipo botolo la sabata imeneyo linabwera ndi zofewa, zonunkhira masamba enieni.

Anazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi anagogoda pa ofesi ya mkulu wa labu.

"Bwana, ndinganeneko mawu?"

"Sopo watha?" anafunsa mkuluyo osadzutsa mutu.

"Ayi, bwana. Ndikuona ngati mankhwala anuwo mukuwapsereza."

Mkuluyo anaseka pang'ono. "Amayi, zimenezi n'za m'mabuku." Koma poti anali atatopa, anamupatsa ufa wa masamba wotsala ndi botolo la sipiriti. "Yeserani pa nthawi yanu yopuma. Musayandikize moto."

Ulendo woyamba anaviika mu sipiriti yekhayekha, panatuluka zobiriwira zokongola koma zopanda mphamvu. Wachiwiri anachulutsa madzi, zinachita nkhungu. Wachisanu botolo linamupulumuka m'manja, ntchito ya masiku atatu n'kuthera pansi. Anakolopa, analira pang'ono, palibe anamuona. Chilichonse ankalemba m'kope lake lakale la kusukulu: muyeso, masiku, mtundu, fungo. Mawu ovuta ankawakopera pa mabotolo n'kukawafufuza ku laibulale Loweruka.

Anzake a ntchito ankadutsa n'kumaseka. "Adokotala a kusinki, zaphikika?"

Iye ankangomwetulira n'kupitiriza kukhutchumula botolo.

Ulendo wa khumi ndi chiwiri anasakaniza miyeso isanu ndi iwiri ya sipiriti ndi itatu ya madzi. Anaviika ufawo masiku atatu m'kabati yamdima, akukhutchumula m'mawa ndi masana. Anasefa kawiri. Pophwetsa anaika botolo m'madzi ofunda, oti chala n'kukhalamo osapsa. Zinatenga masiku awiri m'malo mwa maola awiri.

Mayiyu atapereka zotsalazo, mkulu wa labu anadontheza pang'ono m'kambale ka tizilombo. Tsiku lotsatira anabwera yekha kukachipinda kaja, ndipo kanali koyamba kulowa mkati. Anamuonetsa kambaleko. Kuzungulira dontholo panali poyera, tizilombo titafa.

"Mwachita bwanji, amayi?"

Mayiyu anapukuta manja pa epuloni n'kumupatsa kope lija. Mkuluyo anawerenga ataimirira, tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto.

Akatswiri anabwereza njirayo kasanu, ndipo kasanu konse inagwira. Panatsala zoyesa zambiri mankhwalawo asanafike pa chilonda cha munthu, koma labu sinatsekedwe. Chaka chotsatira mayiyu analembanso mayeso kachinayi, n'kukhoza. Kukoleji anali wamkulu kuposa onse m'kalasi, moti ena ankamuyesa mphunzitsi. Anamaliza ali ndi zaka 40. Lero ndi amene amaphunzitsa ongoyamba kumene kuviika, kusefa ndi kuphwetsa, ndipo akalakwitsa sawakalipira. Amangofunsa kuti, "Mwalemba chimene chavuta?"

Mwina inunso muli pamalo poti anthu amakudutsani osakupatsani moni. Mwina mwalephera kangapo ndipo palibe wokulimbitsani mtima. Tsegulani maso pa ntchito imene ili m'manja mwanu, ngakhale ioneke yonyozeka, chifukwa pali zimene mukuziona inu nokha. Zilembeni, ziyeseni, zikakanika yesaninso. Musagwe ulesi, nthawi yanu sinathe.