Kaumbombo ndi Diso la Apongozi

Galimoto yanga yoyamba inali ya mipando iwiri basi: wanga woyendetsera ndi wina kumanzere kwanga. Ndinali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wa ana atatu, wokhala ku Bangwe kumtunda kumene msewu umasanduka khwawa mvula ikangogwa. Ndikudziwa zimene mukuganiza. Akazi anga anaziganiza kale, ndipo anazinena mokweza pabwalo, oyandikana nawo onse akumva.

Tinali titagwirizana kuti ndiitanitse kuchokera ku Japan galimoto ya banja, zija za mipando isanu ndi iwiri zadzaza tawuni muno. Ndinakhala pashopu yanga yokonzera mafiriji ku Limbe ndikuyang'ana zithunzi pafoni. Pakati pa zigalimoto zonenepa zija panatulukira kanthu kofiira, kafupi, ka denga la nsalu lotsegula, ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa zinzake zonse. Mtima wanga unadumpha ngati wa mwana wasukulu. Ndinakaitanitsa, sindinafunse munthu.

Kanafika patapita miyezi iwiri, kali fumbi lokhalokha. Akazi anga anakazungulira kawiri, manja ali m'chiuno.

"Bambo a mapasa, linalo likubwera m'mbuyo?"

"Liti?"

"Theka linalo la galimoto."

Anawonjezera kuti safunsa adadya phula, ndipo phula limeneli ndidya ndekha. Sabata isanathe anthu akwathu anali atakapatsa dzina kagalimotoko. Ankakatchula kuti Kaumbombo. Paja kuno galimoto si ya mwini yekha. Ndi ya wodwala wapakhomo lachitatu, ndi ya pamaliro, ndi ya matumba a chimanga ochokera kumudzi, ndiponso ya aliyense amene waima pasiteji n'kukudziwa nkhope. Ine ndikaima n'kunena kuti malo alipo amodzi, anthu ankayang'anana kenako n'kundinena kuti ndinachita dala. Sindinachite dala, koma ndisaname, pena ndinkasangalala mumtima. Ndakhala ndikupanikizidwa anayi anayi m'minibasi moyo wanga wonse, chigongono cha munthu chili m'nthiti, ndipo sindinaone chifukwa chopepesera.

Koma kuyenda kwake, abale! Munthu umakhala pansi kwenikweni, msewu ukuwumva m'manja. Ukangokhudza chiwongolero kakhota kale. Giya yake yaifupi, umangoti kete, kete, ngati ukutseka loko. Mahampu ndiwo anali adani athu, moti ndinaphunzira kuwakwera chopingasa ngati nkhanu, oyendetsa minibasi akundiimbira mahutala kumbuyo. Loweruka masana ndinkatsitsa denga n'kutsetsereka kupita ku Limbe mphepo ikundiwomba padazi, ndipo ndinkaiwala mafiriji onse a m'dziko lino.

Ku galaji ina ku Ndirande ndinakumana ndi mkulu wina wa ku Kanjedza, wopuma pantchito ya njanji, amene anali ndi kagalimoto kofanana ndi kanga koma koyera. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kusoka denga likang'ambika ndi kumene kumapezeka masipeya. Anandiuzanso mbiri yonse ya kampani yopanga magalimoto amenewa, titakhala pa matayala akutha tikudikira makaniko. Tikakumana pamsewu tinkathwanitsirana nyali ngati achibale.

Kunyumba nkhani inali ina. Akazi anga, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, anatopa n'kupita kutchalitchi wapansi ndi ana pamene mwamuna wawo ali ndi galimoto. Tsiku lina anandikhazika pansi.

"Mayi akubwera mwezi wamawa kudzachotsa ng'ala m'diso. Tiwafunsa. Akati kagulitsidwe, kagulitsidwa, ndipo simudzatsutsanso."

Ndinavomera, koma ndinadziwa kuti mlandu ndaluza kale. Apongozi anga ndi mlimi wa ku Phalombe, munthu woyeza ubwino wa chinthu ndi matumba amene chinganyamule. Chinanso, ndinalibe njira yodzitetezera pamaso pawo, chifukwa pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Iwo anagwiritsitsa mwambo wakale woti mkamwini ndi apongozi amapewana. Tikakumana panjira ankapatuka n'kuyang'ana kumbali. Ndikalowa pabalaza ankatulukira kukhitchini. Mawu onse ankadutsira mwa munthu wachitatu: "Uwauze bambo ako kuti tadzuka bwino," ine ndili pomwepo ndikumva. Ambiri m'tawuni muno anazisiya zimenezi, koma iwo ayi. Ndinkaulemekeza mwambowo, komabe unkandipweteka. Mayi anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinkalakalaka munthu wamkulu woti andikalipireko mwachindunji.

Tsiku lopita kuchipatala linagwera sabata ya mayeso a Sitandade 8, akazi anga akuyang'anira kalasi, osatheka kuchoka. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kozizira mpaka m'mafupa. Kuti apongozi akwere minibasi ziwiri ndi mawondo awo aja, diso limodzi losaona, linalo loona mwachimbuuzi, zinali zosayenera. Tonse atatu tinaima pabwalo tikuyang'ana Kaumbombo, ine nditatalikirako pang'ono monga mwa masiku onse.

"Ndikhala pati?" apongozi anafunsa mwana wawo.

"Apa, mayi."

"Nanga akamwini?"

"Apo."

Pakati pa mipando iwiriyo pali mpata wokwana dzanja limodzi. Apongozi anayang'ana mpatawo, ndipo ine ndinayamba kuganiza za amene angagule galimoto yofiira ya anthu awiri. Kenako anakonza mpango wawo.

"Diso lodwalali ndi la kumanja. Iwo akhala kumanja. Ndiye kuti sindikuwaona. Tiyeni."

Akazi anga anawathandiza kukhala n'kuwamanga lamba. Apongozi anati bola kameneka munthu umakhala ngati pamkeka, osati zinazi zochita kukwera ngati nkhokwe. Tinanyamuka tili duu. Ndinagwira chiwongolero ngati ndikuyesedwa laisensi, thukuta likutuluka ngakhale kunali kuzizira. Pa hampu yoyamba ndinaiwala kupingasa, ndipo mimba ya galimoto inakhula pansi, khwee!

Apongozi anatsokomola. Munthu wachitatu woti atume munalibe. Ndinawaona akuyang'ana kutsogolo kwawo, kenako anagogoda pang'ono ndi chala pa bolodi ya galimoto.

"Galimoto iwe, uwauze akukuyendetsawo kuti ine ndikupita kukachotsa ng'ala, osati msana."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Nanenso ndinagogoda pachiwongolero.

"Galimoto, uwauze mayi kuti tamva, tapepesa."

Basi, njira inapezeka. Pofika mu Limbe tinapeza mzere wa magalimoto wosasuntha, ogulitsa nthochi ndi matchaja akusuzumira pawindo. Apongozi anagogodanso.

"Galimoto, takwerana osadziwana. Kwanu n'kuti? Makolo ako ndani?"

Apa ndinathokoza mumtima mkulu wa ku Kanjedza uja. Ndinayankha m'malo mwa galimoto kuti kwawo ndi ku Japan, ndipo makolo ake sanayambe ndi magalimoto ayi. Anayamba ndi kupanga zotsekera mabotolo.

"Zotsekera mabotolo? Ife timatsekera ndi chitsononkho cha chimanga. Anthu mpaka kutsegula kampani?"

Ndinapitiriza kuti malonda amenewo atavuta anayamba kupanga tingolo ta injini ta matayala atatu, tonyamulira katundu wa anthu a m'misika. Kenako kunabwera nkhondo yaikulu, ndipo mzinda wawo unapsa ndi bomba limodzi, anthu osawerengeka n'kufa. Otsalawo anadzuka n'kuyambiranso kupanga tingolo tija, timene tinathandiza kumanganso mzindawo. Patapita zaka anayamba magalimoto enieni, ndipo anali ndi khalidwe limodzi losasintha: ankafuna kuti munthu wamba, wolandira malipiro apamwezi, nayenso amve kukoma koyendetsa kumene kale kunali kwa olemera okha. N'chifukwa chake anapanga kameneka kopepuka, kopanda zambiri.

Apongozi anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati anthu amene nyumba zawo zinagwapo n'kumanganso amawadziwa, chifukwa madzi osefukira anawagwetserapo yawo kawiri.

"Kani ndiwe mwana wa amphawi anzathu," anaiuza galimoto, akuisisita. "Nanga matamawa unawatenga kuti?"

Titatuluka mu Limbe n'kulowa msewu waukulu wopita ku Chichiri, kutsogolo kunayera. Ndinamva kugogoda kwina.

"Galimoto, ati umathamanga. N'zoona, kapena n'kufiira chabe?"

Ndinatsitsa giya n'kuponda pang'ono, mosapyola malamulo. Injini inalira, mpando unatikankha kumsana, ndipo apongozi anakuwa kuti "Mayo ine!" atagwira mpango. Ndinachita mantha n'kuchotsa phazi. Kenako ndinazindikira kuti akuseka. Ankaseka ngati mtsikana, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika m'diso labwino ndi lodwala lomwe. Kuseka kwawo ndinkangokumvera kuseri kwa khoma, ndipo tsiku limenelo kunali pambali panga penipeni.

"Uwauze abwerezenso," anatero atapuma.

Kuchipatala anawagoneka kuti awachite opaleshoni masana, bandeji adzachotse m'mawa mwake. Akazi anga anapita kukawaona ataweruka, ndipo pobwera anandiyang'ana modabwa.

"Mwawadyetsa chiyani mayi? Ndimati mawa ndipeze takisi, koma akuti mukawatenge inuyo, pa kagalimoto komweko."

"Koma mawa diso lija likhala likuona."

"Ndawauza. Akuti nawonso akudziwa."

M'mawa mwake chiperoni chinali chitachoka, kumwamba kuli mbee. Namwino anawatulutsa atavala magalasi akuda, akuyenda okha osagwiridwa dzanja. Ine ndinatsegula chitseko n'kuyang'ana pansi. Iwo anaima n'kuyang'anitsitsa galimoto.

"Kani ndiwe wofiira chonchi? Ngati phwetekere wa ku Bvumbwe. Alibe manyazi eni akowa."

Analowa n'kutembenuzira nkhope kuwindo. Njira yonse ankangouza galimoto zimene akuona: masamba a mitengo amodziamodzi, mawaya a magetsi, zolemba kumbuyo kwa minibasi. Anapempha kuti denga litsegulidwe, ndipo ine ndinatuma galimoto iwauze kuti adokotala aletsa fumbi. Anati adokotala ndi ana aang'ono, koma sanaumirire. Titadutsa Limbe, pamene ndimati ndikhotere kwathu, anagogoda.

"Galimoto, usathamangire kunyumba. Ndikufuna ndione phiri la kwathu. Papita zaka ndikungoliona ngati utsi."

Ndinalowa msewu wa Midima. Tinayenda mpaka pamene nyumba zimayamba kuchepa ndipo dziko limatseguka kutsogolo, ndipo ndinaima pambali. Phiri la Mulanje linali uko, lonse lathunthu, mizere ya miyala yake ikuoneka. Ndinazimitsa injini. Apongozi analiyang'ana nthawi yaitali, manja ali pamiyendo. Ndinkadikira kugogoda kuja, koma sikunabwere.

"Bambo a mapasa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinakhalabe ndikuyang'ana chiwongolero.

"Ndikunena inu. Tembenukani ndikuoneni."

Ndinatembenuka. Anakweza magalasi aja pang'ono, diso lili lofiira komanso lonyowa, n'kundiyang'ana kuyambira pachipumi mpaka pachibwano ngati akusankha mbewu. Nanenso kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Ali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze, ndipo mphuno yawo ndi ya mapasa athu ndendende.

"Ha! Imvi m'ndevu," anatero. "Mwana wanga anabwera nanu muli kamnyamata kowonda. Ndakupewani mpaka mwakalamba."

Ndinafuna kuyankha zanzeru koma ndinangoti, "Eya, mayi." Ndinalira, bambo wamkulu, m'mbali mwa msewu, oyenda panjinga akutiyang'ana. Iwo anandisiya ndilire, kenako anandikalipira kuti ndipukute nkhope, ndingawagwetsere m'ngalande. Ndinasangalala ndi kukalipako kuposa mmene ndingafotokozere.

Pobwerera tinacheza ngati anthu. Anandifunsa za mayi anga, za mafiriji, ndi chifukwa chimene ndimathira shuga wambiri mu tiyi, zimene anati akhala akuziona kwa zaka zambiri osapeza pozinenera.

Tinafika kunyumba akazi anga atabwera kale, ali pakhonde. Anathamangira kudzaona diso, anafunsa za mankhwala, kenako anandiponyera diso ine n'kufunsa funso lija.

"Nanga kagalimotoka mwakaona bwanji, mayi? Tinati munene ndinu."

Ine ndinadikira chigamulo. Apongozi anatuluka pang'onopang'ono atagwira chitseko, n'kuima n'kukayang'ana Kaumbombo.

"N'kopanda nzeru," anatero. "Thumba la chimanga silingalowe. Ana sangakwere. Munthu wa banja wogula chotere ngofunika kumuyeza mutu."

Akazi anga anamwetulira, ine ndinagwetsa nkhope.

"Koma ukakagulitsa, iwe, n'kugula chachikulu chija, mudzandiika kumbuyo ndi ana. Ndiye ine ndi mwana wangayu," anatero akuloza ine, "tizikachezera kuti?"