Thobwa la Kuseri kwa Ng'anjo

Dzino langa lakutsogolo ndinalisiya m'chipinda chapansi cha nyumba ina kufupi ndi College Park ku Amereka, chakumayambiriro kwa ma 1980. Analigulula ndi munthu amene anapulumutsa moyo wanga.

M'nyumbamo tinkakhala amuna asanu ndi atatu, tonse zidakwa zofuna kusiya mowa. Munalibe dokotala kapena bwana. Lamulo lalikulu linali limodzi: ukalawa mowa, anzako akweza manja, tsiku lomwelo uona msana wa njira. Ine ndinabwera ku Amereka kudzaphunzira, koma botolo linandimaliza sukulu ndisanaimalize. Amene ananditola pamalo okwerera basi, nditadzisanzira ngati galu, anali bambo wachikulire wakwathu, yemwe kale ankayendetsa galimoto ku ofesi ina ya kazembe pa Massachusetts Avenue, mowa usanamuchotsetse ntchito. Sanali mbale wanga, koma ndinkawatchula kuti amalume. Anali atatha zaka ziwiri osalawa kadontho.

Maganizo opusa ophika thobwa anali anga. Mayi wina wa kutchalitchi anandipatsa chimera chochokera kumudzi, ine n'kuphika thobwa ndowa yonse. Anzathu Achimereka analawa, n'kukwinya nkhope, amvekere ndi phala la makanda. Ife awiri tinamwa mpaka mimba zili ndenguma, amalume akuseka ngati ali paukwati. Lotsala amalume anati alisunga okha. Aliyense wakwathu amadziwa chimene thobwa limasanduka likagonera pamalo ofunda. Inenso ndinkadziwa, koma wamkulu safunsidwa kawiri.

Loweruka lotsatira, m'mawa, inali nthawi yanga yokolopa chipinda chapansi. Fungo linandilandira ndili pamasitepe. Kukhosi kwanga kunatseguka kokha, malovu ali tho m'kamwa, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse m'moyo wanga. Kuseri kwa ng'anjo yotenthetsa nyumba ndinapeza amalume atakhala pa katoni, kapu yachitsulo ili m'manja, ndowa ikuchita thovu.

"Ndi thobwa chabe, mphwanga," anatero. "Come on, talawa."

Ndinaimenya theche ndowayo, zonse n'kukhuthukira pasimenti.

Sindinkadziwa kuti munthu wa imvi angadzuke msanga choncho. Kapu ija inatera pakamwa panga, ndinamva dzino likuthyoka. Anandigwira pakhosi n'kundiwombetsa ku ng'anjo, msana wanga n'kupsa ndi chitsulo. Ankandisasantha zibakera m'nthiti kwinaku akutukwana mayi anga amene sanawaonepo. Ine manja ndinangowaika kumbuyo, poti ndinaleredwa kuti wamkulu sabwezeredwa. Koma tinaterereka tonse, nkhope yanga n'kugwera m'matope a mowawo, ndipo ndinamva lilime langa likufuna kunyambita. Apo ndiye ndinapenga. Ndinawakwera pachifuwa n'kuwamenya kumaso, kawiri, katatu, sindikudziwa kangati, mpaka mphuno yawo inaphulika magazi. Anatilekanitsa ndi mnzathu wina wamtali, msilikali wakale, amene ananditaya pakona ngati thumba la makala.

Msonkhano unachitika nthawi yomweyo, patebulo la kukhitchini, tonse awiri titagwira nsanza kumaso. Za ndewuyo anati tikamba pambuyo. Vuto linali lakuti Achimerekawo sankadziwa chinthu chimene chinatayikacho. Sabata yapitayo anachilawa okha, sanaledzere. Amalume anaumirira m'Chingerezi chawo chabwino cha kwa kazembe kuti chinali chakudya cha makolo athu. Msilikali uja anatembenukira kwa ine.

"Iwe ndiwe unaphika. Ndi mowa kapena si mowa?"

Amalume anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatupa, n'kulankhula Chichewa motsitsa mawu.

"Mwana wanga, kunja kuli sinowo, kukuzizira koopsa. Ndilibe kopita. Uwauze kuti ndi phala."

Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya, chifukwa anadziwa pondigwira. Ndikanati ndi phala, akanagona pabedi pawo. Koma Loweruka linalo kukanakhala ndowa ina kuseri kwa ng'anjo, ndipo ndinkadzidziwa ndekha: kachiwiri sindikanaimenya theche.

"Ndi mowa," ndinatero, mawu akutulukira pagwelu latsopanolo.

Manja asanu ndi limodzi anakwera. Anali okwana kale, langa silinkafunika. Komabe onse ankandidikira, ndipo ndinalikweza, lili ndi magazi a amalume m'zikhadabo.

Anawapatsa mpaka masana kuti alongedze. Msilikali uja anaimba lamya kuchipatala cha zidakwa, koma amalume anati sapitako. Nditafuna kuwanyamulira sutikesi kuti ndiwaperekeze, monga timachitira ndi wamkulu aliyense, anandikankha ndi chigongono pachilonda pomwe anandimenya. Ndinaima pakhomo ndikulira mosabisa. Anatsika masitepe atatu, n'kuima osacheuka.

"Pansi paja usakakolope ndiwe," anatero. "Utume wina. Fungo lija likugwetsa."

Anakhotera kumsewu wa basi, ndipo sindinawaonenso. Pansipo anakolopa ndi msilikali uja. Dzino langa analipeza pafupi ndi ng'anjo, n'kundifunsa ngati ndikulifuna.