Nyimbo Ikafika Pamjigo

Bambo a mwana wanga amapeka nyimbo n'kumajambula oimba. Situdiyo yawo ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba yathu kwa Lundu, komwe anakhomera matiresi kukhoma kuti phokoso lisalowe. Ena mwa matiresiwo anali anga a paukwati. Nyengo yotentha, wolowamo amatuluka ngati wavuuka mu Shire.

Anayamba ndi makwaya a mpingo, kenaka achinyamata ofuna kutchuka. Ine ntchito yanga inali ya khutu. Nyimbo ikatha ankaipereka kwa ometa ndi anyamata a kabaza kuti aziiliza, ine n'kumakamvetsera kumjigo. Amayi akayamba kuiimba potunga madzi, ndiye kuti yapsa.

Chaka chomwe ndinabereka, nyimbo zitatu zinafera m'njira. Yachinayi anapekera mtsikana wina wa ku Nsanje wa mawu okoma, n'kundiuza kuti, "Mayi a mwana, iyi ikakanika ndigulitsa kompyuta, ndikalembetse yodula nzimbe."

Bambowa chikwanje sachidziwa. Ngakhale nkhuni ndimawaza ndine.

Sabata ziwiri ndinapita kumjigo, mwana kumsana, makutu ali tcheru. Kuli zii. Ndikamabwerera ankandichingamira n'kunditula ndowa, chinthu chomwe anali asanachitepo. Bodza linkandifika pakamwa, koma ndinkalimeza.

Tsiku lina ndinayesa kuiimba ndekha ndikupopa madzi. Sizinagwirizane. Mkono usanatsike nyimbo yapita kale, mpweya wandithera.

"Nyimbo yanu ikuthamanga ngati yaba," ndinawauza. "Mawa munyamule ndowa."

Anapitadi, mwamuna yekhayekha pamzere wa amayi.

"Alamu, mwalakwa chiyani kunyumba?" anafunsa mayi wina wogulitsa nsomba.

"Asiyeni, akuphunzira banja," anatero mnzake.

"Popani ndi mphamvu, si gitala ameneyo!"

Iwo ankangoseka, thukuta lili kamukamu, foni ili m'thumba la shati ikujambula kulira kwa mjigo. Titabwerera anadzitsekera m'kachipinda muja. Nyimboyo anaiyala pa kugunda kwa mjigo, n'kuchotsamo mawu ena kuti woimba azipeza popumira. Mtsikana uja anabweranso kudzaimba kachiwiri, akudandaula kuti yasanduka ya agogo.

Patapita masiku angapo, ndili pamzere, ndinamva mayi wa nsomba uja akuiimba. Mawu ankawasokoneza, koma mkono ndi nyimbo zinkatsikira limodzi. Anzake awiri anavomera. Nthawi yanga itakwana sindinadikire kuti ndowa idzaze, ndinathamanga nayo theka, mwana akuseka kumsana.

Nzimbe anadula ndi anthu ena chaka chimenecho, osati bambowa. Kompyuta ikadalipo, oimba akubwera mpaka ochokera kwa Mlolo. Matiresi anga sanabwerebe. Koma masiku ano nyimbo iliyonse isanatuluke amakaiyesa okha kumjigo, ndipo ine sindiwaletsa. Amabwerako ndi madzi.