Ndinaphunzitsa Makina a Malume Kuyenda Okha

Inu owerenga, ine ndili ndi matenda amodzi. Ndikaona chinthu chikuyenda koma osadziwa chomwe chikuchiyendetsa, mtima sukhala m'malo mpaka nditachimasula. Matenda amenewa ndiwo anadula zala ziwiri za malume anga, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene zinayendera kuti wina asadzabwereze.

Malume ali ndi shopu pa Nsaru. Amawotcherera, koma chimene anthu amawadziwa nacho ndi makina osemera zitsulo omwe anabwera nawo atapuma ntchito ku tauni. Ndi makina aang'ono. Pamwamba pali mpeni wozungulira ndi magetsi, pansi pake pali tebulo lachitsulo pomwe umapanirira chimene ukusema. Tebulolo umaliyendetsa wekha pozungulitsa mahandulo, ina yopita nalo m'mbali, ina yopita nalo kutsogolo ndi kumbuyo. Eni zigayo ochokera ku Kabudula mpaka ku Mpingu ankabwera ndi mashafuti awo, zitsulo zazitali zozungulira m'chigayo, kuti malume awasemere. Ine ndinalowa m'shopumo nditamaliza sekondale, ndipo ntchitoyo ndinaikonda.

Panali chizolowezi china chimene muyenera kuchidziwa. Magetsi akazima, malume ankakweza mpeni uja m'mwamba n'kusiya swichi ili choyatsa. Magetsi akabwera, makina ankayamba kulira okha, ndipo wometa tsitsi, wotchaja mafoni ndi amayi ogulitsa mafirizesi ankadziwira pomwepo kuti abwera. Podikira, malume ankachotsa nyenyeswa zachitsulo patebulo ndi manja. Panalibe choopsa, chifukwa mpeni unkazungulira m'mwamba, tebulo lili phee.

Tsiku lina mnzanga anandionetsa kanema pafoni. Makina ofanana ndi athu akusema duwa pachitsulo, popanda munthu wogwira handulo. Ndinaonera mobwereza mpaka foni inatha moto. Kodi kompyuta imadziwa bwanji pamene mpeni wafika? Imaona ndi chiyani? Ndinawerenga, ndinafunsa, ndipo ndinapeza kuti siiona kanthu, imangowerenga. Pali timamota tina tomwe sitizungulira chisawawa, timasuntha pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi. Kompyuta ikati usunthe kakutikakuti, kamota kamamvera. Ukamangirira kamota pamalo pa handulo, basi, tebulo layamba kumvera kompyuta.

Ndinawauza malume. Anandiyang'ana n'kuseka, amvekere: "Iwe, makina akayamba kuganiza okha, ine ndizidzatani, kupalira fodya?" Koma malume nawonso ndi munthu wachidwi, magaziwo ndi amodzi. Anandilola, bola ntchito za anthu zisaime.

Timamota ndinakatipeza kwa ogulitsa zida zamakina akale mu tauni, laputopu yothaitha ndinapatsidwa ndi mphunzitsi wina wa kumpingo kwathu. Ndinachotsa mahandulo onse n'kuwaponya m'bokosi, chifukwa pamalo pake ndi pomwe pankayenera kukhala timamota. Ndinawotcha mawaya, ndinalakwitsa, ndinayambiranso. Tsiku limene tebulo linasuntha lokha koyamba, malume anavula magalasi n'kusuzumira pansi pake ngati muli munthu wobisala. Ndinasema dzina lawo pakachitsulo, iwo n'kukaonetsa msika wonse. Kunena zoona, sindinasangalalepo chotero chibadwire.

Vuto linali la magetsi. Akazima ntchito ili mkati, kompyuta inkasokonezeka osadziwanso pomwe tebulo laima, ndipo chitsulo cha mwini wake chinkaonongeka. Ndinaganiza mpaka ndinapeza nzeru. Ndinakonza zoti magetsi akangobwera, tebulo lizithamanga lokha kupita kumbuyo, kufupi ndi msana wa makina, mzati wachitsulo womwe umanyamula mpeni uja, kuti kuwerenga kuziyambira pamenepo. Zinatheka, ndipo ndinadziona ngati katswiri. M'zonse zimene ndinawerenga ankanena za batani lofiira loimitsira makina pangozi. Ndinawauza malume kuti ndidzaika. Batani loimitsa linalibe chondikopa, ine chidwi changa chinali pa zoyenda.

Inu owerenga, chizolowezi chosiya swichi choyatsa ndinkachidziwa bwino, ndinakula nacho. Koma m'mutu mwanga sindinachilumikize ndi nzeru yanga yatsopanoyo. Ndiponso malume sindinawauze, chifukwa ndinkafuna adzangoona okha, adabwe.

Inali nyengo yokolola, pamene zigayo sizipuma. Magetsi anazima chakum'mawa shafuti ya munthu ili pamakina. Ine ndinakhala pakhomo n'kumatafuna mtedza. Malume anachita zimene anachita zaka zonse, anasiya swichi choyatsa n'kuyamba kutola nyenyeswa, dzanja lamanja lili kumbuyo kwa chopanira. Magetsi anabwera osagogoda. Ndinamva makina akulira, kenako mawu a malume amene sindinawamvepo.

Ndinathamanga n'kuzimitsa swichi yapakhoma, koma dzanja linali litapanidwa kale pakati pa chopanira ndi msana wa makina. Manja anga anapita okha pomwe pankakhala handulo kuti ndibweze tebulo. Panalibe handulo, panali kamota kanga. Ndinayamba kusakasaka sipanala kuti ndimasule mabawuti, wometa tsitsi atawagwira malume kuti asagwe. Mmene dzanja linkatuluka, chala chamkombaphala ndi chapakati zinali zitaphwanyika. Tinawakweza minibasi kupita kuchipatala, ndipo kumeneko anazidula.

Mayi anga sanandiyankhule kwa nthawi yaitali, poti malume ndi mlongo wawo yekhayo. Kumpingo anthu ankandipatsa moni ndi maso. Ndinachita manyazi, ndinadzida, ndipo makinawo sindinkafuna n'kuwaona komwe.

Malume atayamba kupeza bwino, ndinapita kushopu ndi sipanala kuti ndichotse timamota tonse, ndibwezeretse mahandulo. Anandipeza nditatsegula bokosi lija. Anatola handulo imodzi ndi dzanja lovulalalo, ndipo inawapulumuka n'kugwa pansi.

"Usachotse," anatero. "Ndi dzanja ili ndizungulitsa chiyani? Ika batani lako lofiiralo, kenako undiphunzitse kompyutayo."

Abale anga, kufuna kudziwa si tchimo, ndipo sindikunena kuti musiye kukonza zinthu. Koma mukamasintha chipangizo chimene munthu wina wachizolowera, yambani mwakhala pansi n'kuona mmene manja ake amayendera pa icho, chifukwa manja samva kuti zinthu zasintha. Muuzeni chilichonse chimene mwasintha, musamusungire zodabwitsa. Choimitsira chiziyamba kuikidwa choyendetsera chisanaikidwe, ndipo musachotse njira yobwezera ndi manja. Makina asamadzuke okha magetsi akabwera, azidikira munthu awadzutse.

Lero makinawo akugwira ntchito, ndipo amasema bwino kuposa kale. Malume amakhala pa laputopu n'kumadina ndi dzanja lamanzere, chilembo chimodzichimodzi, uku akundifunsa mafunso ngati mwana wasukulu. Makasitomala akayamikira, iwo amaloza ine. Mpaka pano sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo masiku ena ndimalakalaka akanangondikalipira.